Phunziro la Alangizi: Kadyedwe ka Ochita Masewera Amene Ali ndi Matenda a Shuga

Mawu Oyamba

Mlangizi wa zaulimi amafunsidwa mafunso ambiri amene sanawaphunzire kusukulu ya zaulimi, pakuti anthu akumudzi amadziwa kuti wodziwa za mbewu sangalephere kudziwa za chakudya. Mwa mafunso otere muli la matenda a shuga. Kafukufuku amene anachitika m'Malawi mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO anapeza kuti akuluakulu oposa 5 mwa 100 alionse anali ndi matendawa. Mu 2021 bungwe la International Diabetes Federation linawerengera kuti akuluakulu 24 miliyoni mu Africa anali nawo, ndipo oposa theka sankadziwa n'komwe. Ena mwa anthu amenewa ndi anyamata a mpira wa miyendo, atsikana a ntchemberembaye, othamanga ndi opalasa njinga.

Cholinga cha phunziroli ndi kuthandiza alangizi kumvetsa mfundo imodzi: wamasewera amene ali ndi shuga amafunika zakudya za mitundu iwiri, zolowa m'magazi pang'onopang'ono ndi zolowa msanga, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake. Mitundu yonse iwiri imapezeka m'munda, padimba ndi pakhomo. Za mankhwala ndi jekeseni ndi za achipatala. Mbali ya mlangizi ili pa mbewu, kakonzedwe ka ufa ndi zimene zimafika m'mbale.

1. Nkhokwe za Shuga M'thupi

Chimanga, chinangwa, mbatata ndi mpunga zili ndi sitachi wambiri. Sitachiyo akagayidwa m'matumbo amasanduka shuga, amene amalowa m'magazi. Komatu shuga woyenda m'magazi a munthu wamkulu pa nthawi imodzi ndi wochepa kwambiri, pafupifupi magalamu 4, ndiye kuti supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Wina amasungidwa m'nkhokwe ziwiri: m'chiwindi mumakhala magalamu pafupifupi 100, ndipo m'minofu mumakhala pakati pa 300 ndi 500. Minofu imagwiritsa ntchito nkhokwe yake yokha. Chiwindi ndicho chimatapa m'nkhokwe yake n'kuthira m'magazi kuti ubongo usasowe chakudya.

Wotsegula khomo kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu ndi insulini, amene amapangidwa m'kapamba. Pa matenda a shuga a mtundu woyamba, amene amayamba kawirikawiri paubwana kapena paunyamata, kapamba amaleka kupanga insulini, ndipo munthu amadalira jekeseni moyo wake wonse. Pa mtundu wachiwiri, umene uli ndi odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse, insulini amakhalapo koma thupi silimumvera bwino.

Shuga wa m'magazi amayezedwa ndi kamakina kobaya chala. Munthu wabwinobwino asanadye m'mawa amakhala ndi pakati pa 3.9 ndi 5.5 mmol/L. Makina ena amalemba mu mg/dL, ndipo alangizi ogwira ntchito m'malire a mayiko adzakumana ndi mitundu yonse iwiri. Kusintha kwake n'kosavuta: nambala ya mmol/L ichulukitsidwe ndi 18. Chomwecho 3.9 ndi 70, ndipo 10 ndi 180.

2. Chimene Masewera Amachita

Mnofu umene ukugwira ntchito umatha kukoka shuga m'magazi ngakhale insulini atachepa, ndipo ntchito ikatha thupi limamvera insulini bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake masewera ali mankhwala kwa wodwala shuga. Pomwepanso ndi pamene pali ngozi. Mwa munthu wopanda matendawa, kapamba amachepetsa yekha insulini masewera akayamba. Koma insulini wa jekeseni akalowa walowa, sabwezedwa. Motero mnofu ukukoka, insulini akukokanso, ndipo shuga angathe kutsika kufika poopsa. Mapiritsi a glibenclamide angachititsenso zomwezi, pamene metformin payekha satsitsa shuga chotere kawirikawiri.

Masewera onse sachita mofanana. Kuthamanga mtunda wautali kapena kupalasa njinga kwa ola lathunthu kumatsitsa shuga. Liwiro la mtondo wadooka la masekondi ochepa, kunyamula zitsulo ndi mantha a mpikisano waukulu zimachititsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, ndipo amakwera kwa kanthawi. Mpira wa miyendo uli ndi zonse ziwiri, kotero wosewera aliyense ayenera kuphunzira thupi lake poyeza.

Kuti matendawa saletsa masewera, umboni ulipo. Gary Mabbutt anapezeka ndi shuga wa mtundu woyamba ali mnyamata, koma anakhala kaputeni wa timu ya Tottenham Hotspur ndipo ananyamula chikho cha FA Cup mu 1991. Wopalasa bwato wa ku Britain, Steve Redgrave, anapezeka ndi shuga mu 1997, napambana mendulo yake yachisanu yagolide ya Olimpiki ku Sydney mu 2000.

Palinso cholakwa chofala chimene mlangizi ayenera kuchikonza, chakuti wodwala shuga aleke nsima kotheratu. Wamasewera sangathe popanda sitachi. Kafukufuku wa mu 2004 wa akatswiri 10 othamanga a ku Kenya anapeza kuti magawo 76 mwa 100 a mphamvu ya chakudya chawo ankachokera ku sitachi ndi shuga, ndipo ugali, nsima yakwawoko, inali pakati pa zakudya zawo zazikulu. Wodwala shuga sangadye mofanana ndi iwo popanda kuwerengera, koma mafuta oyendetsa minofu yake ndi omwewo.

3. Liwiro la Chakudya

Mu 1981 David Jenkins ndi anzake a pa yunivesite ya Toronto anayambitsa muyeso wotchedwa glycaemic index, mwachidule GI. Muyesowu umaonetsa liwiro limene chakudya chimakwezera shuga m'magazi. Shuga weniweni wa gulukosi anapatsidwa 100. Chakudya cha GI 55 kapena kutsika ndi choyenda pang'onopang'ono, cha 56 mpaka 69 ndi chapakatikati, ndipo cha 70 kupita m'mwamba ndi chothamanga.

Kwa katswiri wa mbewu, chochititsa chidwi n'chakuti GI sakhazikika pa dzina la mbewu. Mbewu imodzimodziyo imasintha liwiro malinga ndi zinthu izi:

(a) Kagayidwe. Ufa wosalala umagayika msanga m'mimba koposa wamiseremisere kapena njere zathunthu.

(b) Kaphikidwe. Madzi ndi moto zimatupitsa sitachi n'kumufewetsa. Mbatata yowiritsa imayenda pang'onopang'ono koposa yootcha.

(c) Kuviika ndi kusasitsa. Asidi amene amapangika chimanga chikaviikidwa amachedwetsa kugayika kwa sitachi.

(d) Kuzizira. Sitachi wophika akazizira, gawo lina limaumanso ndipo siligayika msanga.

(e) Kupsa. Nthochi yosapsetsa ili ndi sitachi wolimba, pamene yakupsa kwambiri yasanduka shuga.

(f) Ndiwo. Nyemba, nsinjiro, masamba, nsomba ndi mazira zimachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba.

Pamwamba pa zonsezi pali kuchuluka kwa chakudya. Mitanda inayi ya nsima yoyenda pang'onopang'ono imakweza shuga koposa mtanda umodzi wa nsima yothamanga.

4. Nsima ya Ufa Utatu

Malangizo ofala kwambiri ndi akuti wodwala shuga adye mgaiwa. Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR anafalitsa zotsatira za kuyesa nsima ya mitundu itatu pa anthu 11 opanda matendawa. Nsima ya mgaiwa inapezeka ndi GI 94. Ya ufa wa chimanga chokonola koma chosaviika inafika pa 110. Ya mphale yoviika, ndiye kuti ya ufa woyera wokonzedwa mwa makolo, inali pa 65, yotsika pa zonse zitatu.

Zotsatirazi zifunika kuziwerenga modekha. Anthu 11 ndi ochepa, ndipo matupi awo sanayankhe mofanana. Komanso mgaiwa sunataye ubwino wake: gaga ndi mtima wa njere zimene zimatayika pokonola ndi poviika ndimo muli mafuta, mavitamini, ayironi ndi timaulusi tothandiza m'matumbo. Phunziro lake ndi lakuti dzina la ufa lisapatse munthu chilolezo chodya mosawerenga. Wodwala amene wauzidwa kuti mgaiwa ndi mankhwala, naonjeza mitanda, wadzipweteka akuyesa akudzichiza. Alangizi a ku Zambia, kumene anthu amasankha pakati pa roller meal ndi breakfast meal, ndi a ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, kumene sadza ndi xima zimaphikidwa ndi ufa wosiyanasiyana, atengepo mfundo yomweyi.

Za kuzizira nazo zili ndi umboni. Ofufuza a ku South Africa anapeza kuti nsima ya chimanga yozizira imakweza shuga pang'onopang'ono koposa yamoto. Chomwecho mkute, umene ena amaunyoza ngati chakudya cha amphawi, ndi kadzutsa woyenera wamasewera, malinga unagona wovundikira pamalo aukhondo ndipo sunapitirire usiku umodzi.

5. Mbewu Zina

Mbewu za gulu la nyemba ndizo mzati wa kadyedwe kameneka. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya zili ndi GI yotsika, zambiri pansi pa 45, ndipo zili ndi zomanga thupi zimene minofu imafuna pambuyo pa masewera. Mtedza uli pansi kwambiri chifukwa sitachi wake ndi wochepa. Kusakaniza ufa wa soya kapena nsinjiro m'phala la chimanga, monga zimachitikira m'likuni phala, kumachedwetsa phalalo.

Mapira, mawere ndi mchewere ndi mbewu zopirira chilala zimene zakhala zikutha m'minda yambiri. Mu 2021 ofufuza otsogoleredwa ndi bungwe la ICRISAT anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, napeza kuti GI ya mbewu za gululi ili pafupifupi pa 53, pamene mpunga wopuntha unali pa 72 ndipo tirigu woyeretsa pa 74. Ngakhale zili choncho, ufa wa mawere wosalala kwambiri wophikidwa phala lamadzimadzi ungathe kuthamanga ndithu.

Chinangwa ndi kondowole pafupifupi zonse ndi sitachi, zomanga thupi n'zochepa. M'madera a m'mbali mwa nyanja kumene ndizo chakudya chenicheni, mtanda uchepe ndipo usipa, chigwada chotendera kapena nyemba zichuluke.

Thobwa, maheu ndi munkoyo ziwerengedwe ngati zakudya zothamanga. Chimera ndi mizu ya munkoyo zimaphwanya sitachi kukhala shuga chakumwacho chisanafike n'komwe pakamwa, ndipo ambiri amathiramonso shuga wa m'sitolo. Nzimbe, uchi, mango akupsa ndi zakumwa za m'mabotolo zili m'gulu lomweli. Zonsezi zili ndi ntchito yake pabwalo ndi pangozi, koma si zomwera ludzu tsiku lonse.

6. Kudya Motsata Nthawi

Masewera asanayambe. Chakudya chachikulu chidyedwe maola 2 kapena 3 masewera asanayambe, ndipo chikhale choyenda pang'onopang'ono: mtanda wapakati wa nsima ndi nyemba ndi masamba otendera, kapena mbatata yowiritsa ndi mtedza wokazinga. Kulowa m'bwalo ndi njala mutabaya insulini kapena kumwa glibenclamide n'kuitana ngozi. Amene ali ndi kamakina ayeze asanayambe. Malangizo amene akatswiri a mayiko ambiri anagwirizana mu 2017 pa za odwala a mtundu woyamba ndi awa:

Pansi pa 5 mmol/L: adye magalamu 10 mpaka 20 a shuga, ndipo asayambe kufikira atapitirira 5.

Pakati pa 5 ndi 6.9: adye magalamu 10 asanayambe masewera otenga nthawi.

Pakati pa 7 ndi 10: ayambe.

Pakati pa 10 ndi 15: angathe kuyamba, koma adziwe kuti masewera a liwiro lalikulu angamukweze.

Pamwamba pa 15 popanda chifukwa chodziwika: ayezetse maketoni. Ngati alipo ambiri, kapena munthuyo akumva nseru ndi kupweteka m'mimba, asasewere, apite kuchipatala.

Pakati pa masewera. Masewera opitirira ola limodzi amafuna magalamu 30 mpaka 60 a sitachi kapena shuga pa ola, odyedwa pang'onopang'ono. Nthochi imodzi yapakati yakupsa ili ndi magalamu oposa 20. Nthawi yopuma ya mpira wa miyendo, pakatha mphindi 45, ndi zopuma za ntchemberembaye, pakatha mphindi 15 zilizonse, ndi mpata woyeza, kudya ndi kumwa madzi.

Masewera atatha. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Minofu imapitiriza kukoka shuga m'magazi podzaza nkhokwe zake, ndipo shuga angathe kutsika patapita maola 6 mpaka 15, munthu ali mtulo. Mpira wa masana ndiye umabweretsa ngozi ya pakati pa usiku. Wosewera adye chakudya chokwanira masewera akangotha, chokhala ndi sitachi pamodzi ndi zomanga thupi, ayeze asanagone, ndipo ngati shuga ali m'munsi adye kanthu kochedwa kugayika, monga mbatata yowiritsa ndi chiponde. Za kuchepetsa insulini pa tsiku la masewera akambirane ndi achipatala pasadakhale.

7. Shuga Akatsika

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Shuga wotsika pansi pa 3.9 mmol/L amadziwika ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, kugunda kwa mtima, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, kupsa mtima ndi kuyankhula zosagwirizana. Vuto la pabwalo ndi lakuti thukuta ndi kugunda kwa mtima zimafanana ndi kutopa wamba, ndipo munthu wosokonezeka amayesedwa woledzera.

Wosewera aime pomwepo ndipo alandire magalamu 15 a shuga wothamanga. Muyeso umenewu ndi masupuni aang'ono 4 a shuga osungunula m'madzi, kapena supuni imodzi yaikulu ya uchi, kapena theka la botolo la 300 ml la chakumwa chotsekemera. Zakumwa zolembedwa kuti mulibe shuga sizithandiza. Pakatha mphindi 15 ayezedwenso, ndipo ngati sanakwere apatsidwenso muyeso womwewo. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Mtedza, mandasi ndi chokoleti zisagwiritsidwe ntchito pa nthawi imeneyi, chifukwa mafuta ake amachedwetsa shuga pamene akufunika msanga.

Ngati munthuyo wakomoka kapena sakutha kumeza, asathiridwe kanthu m'kamwa, pakuti angatsamwe. Agonekedwe cham'mbali ndipo athamangitsidwe naye kuchipatala. Mphunzitsi wa timu, kaputeni ndi mnzake mmodzi wapamtima ayenera kudziwa zonsezi nyengo ya masewera isanayambe. Wobisa matenda poopa kuchotsedwa m'timu amadziika pangozi yaikulu koposa matenda enieniwo.

8. Makhalidwe Ena

Mowa. Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimalephera kutulutsa shuga. Kumwa masese kapena kachasu pokondwerera chipambano, nkhokwe zili zopanda kanthu, ndi njira yachidule ya kukomoka usiku.

Madzi. Shuga wokwera amachulukitsa mkodzo, ndipo thupi limauma msanga, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Madzi abwino amwedwe masewera asanayambe, ali mkati ndiponso atatha.

Mapazi. Matendawa akakhalitsa amachititsa dzanzi kumapazi, ndipo zilonda zimachedwa kupola. Wodwala shuga asasewere wopanda nsapato, ndipo aziyang'ana mapazi ake madzulo alionse.

Jekeseni. Insulini wobayidwa pantchafu munthu atatsala pang'ono kuthamanga amalowa m'magazi msanga koposa. Pamimba ndi pabwinoko pa tsiku lotere. Insulini amaonongeka ndi dzuwa, kotero asasiyidwe m'chikwama pambali pa bwalo popanda mthunzi. Kumene kulibe firiji, mtsuko wadothi wokhala mumchenga wonyowa umathandiza.

Tulo ndi fodya. Kusagona mokwanira kumachepetsa kumvera kwa thupi ku insulini. Fodya amaononga mitsempha imene shuga wayamba kale kuifooketsa.

9. Mbali ya Mlangizi

Zonse zimene zanenedwa pano zikhudzanso anthu amene sadzitcha amasewera. Mlimi wodwala shuga amene walawirira kukagalauza asanadye, wakabaza wopalasa tsiku lonse, ndi mayi wothirira dimba ndi keni, minofu yawo ikuchita zomwe imachita ya wothamanga. Nawonso anyamule kathumba ka shuga ndi nthochi popita ku ntchito.

Chachikulu chimene mlangizi angachite chili m'munda. Banja lodalira chimanga chokha lilibe chosankha, ndipo malangizo a kuchipatala akuti ndiwo zichuluke amathera m'khutu. Kasakaniza wa chimanga ndi nandolo kapena khobwe, kasinthasintha wa mtedza ndi soya, mizere ingapo ya mbatata, kagawo ka mapira kapena mawere, dimba la masamba ndi nthochi zingapo kuseri kwa nyumba ndi njira zomwe alangizi amaphunzitsa kale pofuna chonde m'nthaka ndi chakudya cha chaka chonse. Njira zomwezi ndizo zimapatsa wodwala shuga mbale yoyenera. Nyengo yovuta ndi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nyemba zatha m'nkhokwe ndipo mabanja ena amadya kamodzi patsiku. Banja lokhala ndi wodwala shuga lilangizidwe pa nthawi yokolola kuti lipatule nyemba, mtedza ndi mfutso wa miyezi imeneyi lisanagulitse.

Mlangizi asapitirire malire a ntchito yake. Asauze munthu kusiya kapena kusintha mankhwala, ndipo asavomereze zakuti mbewu kapena tsamba lakutilakuti limachiza shuga. Wachinyamata amene akuonda popanda chifukwa, kumwa madzi kosalekeza ndi kukodza pafupipafupi atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Pokonza chionetsero cha kaphikidwe, ndi bwino kuitana mlangizi wa zaumoyo ndi mphunzitsi wa masewera wa pasukulu yapafupi, kuti anthu amve uthenga umodzi kuchokera kwa onse atatu.

Mafunso Okambirana

1. N'chifukwa chiyani insulini wa jekeseni angatsitse shuga mopitirira pa nthawi ya masewera, pamene wa m'thupi la munthu wabwinobwino satero?

2. Mayi wina wauzidwa kuti mwana wake wosewera mpira azidya mgaiwa wochuluka monga angathere. Mlangizi amuyankhe bwanji?

3. Zakudya za m'dera la mlangizi zigawidwe m'magulu awiri, zoyenda pang'onopang'ono ndi zothamanga. Ndi ziti zimene zimasowa m'miyezi ya njala, ndipo ndi mbewu ziti zingatseke mpata umenewo?

4. Kamakina kalemba 63 mg/dL pa nthawi yopuma ya mpira. Nambala imeneyi ndi yotani mu mmol/L, ndipo pachitike chiyani?